Bawuti Amene Sanaduke

Sadikira, dalaivala wa thalakitala pa famu ya ng'ombe za mkaka, analakwa pawiri. Choyamba, anataya m'tchire zidutswa za mabawuti oduka, pamene lamulo la m'garaja linali lakuti chidutswa chilichonse chizibwerera pa tebulo la a Makaniko. Chachiwiri, chimene chinali chachikulu, anatenga mobisa bawuti wakuda wa mu injini ndi kumukhomera ndi hamala pa shafiti ya makina odulira udzu, pamalo poyenera bawuti wofewa. Zimenezi anachita Lachitatu masana, akudziwa bwino lomwe kuti n'zoletsedwa.

Kwa amene sanaimepo kumbuyo kwa thalakitala, nkhani yake ili motere. Mphamvu ya injini imatulukira kumbuyo, n'kudutsa mu shafiti yozungulira, n'kukalowa mu giyabokosi ya makina, ndipo giyabokosiyo ndiyo imazunguza mipeni iwiri ikuluikulu yodula udzu. Pamene shafiti imakumana ndi giyabokosi pali bowo limodzi ndi bawuti mmodzi, wonenepa ngati chala cha munthu. Bawuti ameneyu anamuika dala kuti akhale wofooka kuposa zitsulo zina zonse. Mpeni ukagunda mwala kapena chitsa, iye ndiye amaduka, shafiti n'kumazungulira yokha, giyabokosi n'kupulumuka. Chaka chabwinobwino amaduka awiri kapena atatu. Sabata imeneyo anaduka asanu ndi awiri m'masiku atatu.

Dzina lakuti Sadikira anam'patsa ndi anzake a kukhola, chifukwa ankamwa tiyi ali chiimire ndiponso ankayankha funso lisanathe. Anakama ng'ombe ndi kupala ndowe zaka zisanu ndi chimodzi asanakhudze chiwongolero. Amene anam'lankhulira kwa mayi mwini famu anali a Makaniko, munthu wachikulire ndi wosamala zinthu, amene analinso mlamu wake, pakuti Sadikira anakwatira mlongo wawo wotsiriza. Mpando wa thalakitala uja unali chinthu chachikulu chokhacho chimene iye anapezapo pa moyo wake, ndipo m'mawa uliwonse ankaupukuta ndi kansalu kakekake. Sabata imeneyo udzu wa m'munda wa kumunsi unali utakhwima, mitambo inkasonkhana masana alionse, ndipo mayi mwini famu anafuna kuti udzu wonse udulidwe, uume, ulowe m'shedi mvula isanayambe.

Bawuti woyamba anaduka Lolemba m'mawa, ndipo anaduka pa chifukwa chomveka, pakuti mpeni unagunda mwala. Sadikira anabwera ku garaja wapansi, akuthamanga pang'ono, n'kupeza a Makaniko atagona chagada pansi pa ngolo, miyendo yokha ikuoneka.

"Alamu, bawuti!"

"Munthu amayamba wapereka moni," anatero a Makaniko ali pansi pomwepo.

"Moni ndinakupatsani m'mamawa, alamu. Mwam'maliza kale?"

"Zidutswa zili kuti?"

"Zili m'munda, zikupuma. Kodi mukufuna tizichitire maliro?"

"Iwe, chidutswa ndi chimene chimandiuza zimene zachitika. Ndakuuza kangati?"

"Mawa ndibweretsa ndi mwala womwe, muufunse nokha."

Kuyankha munthu wamkulu motere, ngakhale akhale mlamu wosekana naye, si ulemu, ndipo a Makaniko anayenera kutuluka pansi pa ngolo n'kumubweza kuti akatole zidutswazo. Koma manja awo anali girizi yekhayekha, ndipo nati imene ankalimbana nayo inali itangoyamba kugonja. Anangoloza ndi phazi pa shelefu pamene panali kabokosi ka mabawuti atsopano, kamene a Kapitawo anabwera nako kuchokera m'tauni Loweruka. Kabokosiko kanali kasanatsegulidwe.

"Tenga konse, usandivutitsenso."

Sadikira anakanyamula n'kuthamanga.

Wachiwiri anaduka dzuwa lisanafike paliwombo, wachitatu masana. Pamenepa panalibe mwala, panalibe chitsa. Thalakitala inkayenda bwinobwino mu udzu wofanana, kenaka phokoso la mipeni n'kungozilala, injini n'kupepuka, shafiti ikuzungulira yokha. Nthawi iliyonse Sadikira ankazimitsa injini, kutsika, kukhomerera kunja chidutswa chotsalira m'bowo, kuchimenya theche kuti chilowe mu udzu, n'kuika bawuti wina. Inali ntchito ya mphindi khumi zokha, koma iye ankazimva ngati tsiku lathunthu, chifukwa thalakitala ikazima famu yonse inkadziwa, ndipo a Kapitawo ankatulukira pa khonde la ofesi atagwira m'chiuno.

Lachiwiri m'mawa a Makaniko anatsetsereka okha kumunda ndi chikwama cha masipanala.

"Zimitsa, chotsa kiyi, undipatse," anatero. Sankalowa pansi pa makina kiyi isanalowe m'thumba mwawo.

Anachirikiza makinawo ndi chipika n'kusuzumira pansi. Mipeni inali yakuthwa, yosapindika. Anaizunguza ndi dzanja, ndipo inazungulira mosakakamira. Anafunafuna waya wa mpanda kapena chingwe cha mabelo chokulungika pa tsinde la mipeni, koma sanapeze kanthu. Anatsegula kachivundikiro ka giyabokosi n'kuviika chala; oyilo analimo wokwanira, wopanda tizitsulo. Anagwedeza majoyini onse awiri a shafiti, ndipo panalibe lokhwefuka. Anasolola shafitiyo, mbali ina kuichotsa mu inzake, n'kuiyeza kuti aone ngati yatalika kotero kuti imadzikankha pokhota, koma inali ya muyeso wake. Bawuti amene anali pamalo pake anam'yang'ananso. Pamutu pake panali nambala yoyenera, ndipo nati inali yomangika. Koma thupi la bawutiyo, pamene zitsulo ziwiri zimam'pana, linali lobisika m'kati mwa bowo, ndipo a Makaniko sanaganize zom'masula.

"Makina alibe vuto," anatero akupukuta manja. "Vuto lili pa mpando."

"Mpando ndi wabwinobwino, alamu. Ndimaupukuta ndekha."

"Ndikunena chimene chimakhala pampandopo. Umalumikiza mipeni injini ikukuwa. Pokhota umakhota ngati ukuthawa njuchi. Kwera, ndione."

Sadikira anakwera. Anatsitsa injini mpaka inangotsala kung'ung'udza, analumikiza mipeni pang'onopang'ono ngati munthu wogoneka khanda, kenaka anakweza mphamvu n'kulowa mu udzu. Anadula mizere itatu, akukhota patali, ndipo bawuti sanaduke.

"Waona?" anakuwa a Makaniko. "Ndikakhalapo ine saduka."

"Ndiye khalani pompano, alamu! Ndikubweretserani mpando ndi ambulera!"

A Makaniko anali asanafike n'komwe pa geti la munda pamene phokoso la mipeni linazilala kumbuyo kwawo. Anaima, anatembenuka, n'kuona mlamu wawo akudumpha pa thalakitala ndi kumenya tayala ndi chibakera. Akanabwerera nthawi yomweyo, akanatola chidutswa chikadali chotentha. Koma mumtima mwawo nkhani inali itatha kale: munthuyu wangoona msana wawo, wabwerera ku khalidwe lake. Anapukusa mutu n'kupitiriza ulendo. Ameneyo anali bawuti wachinayi, ndipo wachisanu anaduka madzulo a tsiku lomwelo.

Lachitatu anaduka awiri nthawi ya chakudya isanakwane. Bowo lenilenilo linali litayamba kukula chifukwa cha kugogodedwa. A Kapitawo anatsetsereka kumunda pa njinga yamoto n'kuima patsogolo pa thalakitala.

"Tsika, timvane."

"Ndikumva ndili pompano, a Kapitawo."

"Ndati tsika."

Sadikira anatsika.

"Mayi afunsa a Makaniko, ndipo a Makaniko akuti makina ndi abwino. Ndiye watsala ndani? Ine sindiyendetsa thalakitala."

"Mabawutiwa ndi ofewa ngati nthochi."

"Ofewa ati? Ndinagula ndekha, m'sitolo yaikulu, nambala yake yomweyo. Tamvera. Mayi akuti akangoduka wina mmodzi, kiyi upereka kwa dalaivala wa galimoto ya mkaka, iwe ubwerere kukhola. Ndiponso ng'ombe zakusowa. Ija yamawangamawanga imakufunsa tsiku ndi tsiku."

Njinga yamoto itapita, Sadikira anayang'ana munda. Udzu wosadula unali woposa theka. Anaika bawuti wachisanu ndi chitatu n'kuyamba kudula mwapang'onopang'ono ngati nkhono, khutu lili kumbuyo. Anapirira choncho theka la ola. Kenaka anazimitsa, n'kuuza woweta ng'ombe amene ankadutsa kuti akupita kukatenga dizilo.

M'garaja munalibe munthu, pakuti a Makaniko anali atapita kukakonza pampu ya madzi. Pa shelefu ya m'mwamba panali chitini cha mabawuti akuda ochokera mu injini ya jenereta imene inafa kalekale, zitsulo zolimba zimene ngakhale tupa sailowa. Sadikira anasankhapo mmodzi wofanana kutalika, wonenepa pang'ono. Atafika kumunda anachotsa wofewa uja, ndipo poona kuti wakudayo akukana kulowa, anam'khomera ndi hamala mpaka anatulukira tsidya lina. Masana onsewo anadula osaima.

Lachinayi thalakitala inayamba kulira mame asanaume, ndipo inalira mosalekeza. A Kapitawo anadutsa pa garaja akumwetulira.

"Mwamva, a Makaniko? Mankhwala ake anali mawu basi. Anthu awa ukawanyengerera amakukwera pamutu."

A Makaniko anavomera ndi mutu, koma mtima wawo sunakhale pansi. Anatenga pampu ya girizi, anaisiya. Anayamba kusesa, anaimika tsache pakati pa ntchito. Kawiri konse anatuluka panja kukamvetsera. Pa zaka zonse zimene anagwira zitsulo, anali asanaonepo vuto la makina likutha chifukwa munthu wakalipiridwa, ndipo ngakhale chigamulo chakuti vuto lili pampando chinali chawo chomwe, phokoso losalekezalo linkawasautsa koposa mmene kuzima kwa masiku apitawo kunkachitira.

"Odi, achimwene."

Anali mlongo wawo, mkazi wa Sadikira, ataima pakhomo ndi kanthu m'dzanja.

"Lowa, mlongo wanga. Kunyumba mwadzuka bwanji?"

"Adzuka bwino amene akudya. Mlamu wanu masiku atatu akungotosa mbale. Dzulo wakalipira ana popanda chifukwa. Mwam'tani kodi?"

"Sindinam'chite kanthu. Phazi lake ndilo likum'vutitsa."

"Phazi lomwelo layendetsa zaka ziwiri osaswa kanthu, layamba kulemera sabata ino? Inu munam'kweza pa thalakitala, inu nomwe mukum'gwetsa. Ndiye onaninso zimene zikundibowolera matumba a ovolosi. Wosoka ndine, si mayi mwini famu."

Anaponya pa tebulo zidutswa ziwiri za bawuti, zimene mwamuna wake anaziponya m'thumba mosadziwa tsiku lina m'malo moziponya mu udzu.

A Makaniko anazitola, anazipukuta ndi palafini, n'kupita nazo pakhomo pamene panali kuwala. Anazilumikiza poduka paja. Kenaka anabwerera m'kati mofulumira n'kuchotsa pa msomali bawuti wakale amene ankamusunga ngati chitsanzo, n'kuwagoneka pamodzi. Kutalika kunali kumodzi, nambala ya pamutu imodzimodzi. Koma wachitsanzoyo anali ndi thupi losalala, mazinga, mizere yozungulira ija imene nati imayendamo, ali kunsonga kokha, pamene wodukayo anali ndi mazinga kuyambira kunsonga mpaka kumutu. Mazinga amadya chitsulo, ndipo pamene apita bawuti amakhala woonda. Bawuti wotere sadzaza bowo. Amagwedera m'kati, zitsulo ziwiri zija n'kumam'gogoda pa mzere umodzi mpaka kum'dula, ngakhale udzu ukhale wofewa, ngakhale woyendetsa akhale wofatsa ngati m'busa wa mpingo. Zidutswa zija zinali zitaduka pa mzinga penipeni.

"Achimwene, mwaona chiyani?"

"Si iye," anatero a Makaniko. "Ndi mabawutiwa. Kabokosi konse kaja n'kolakwika."

"Ndiye ndimanena chiyani ine? Pitani mukawauze mayi!"

Koma a Makaniko anali atakweza mutu, akumvetsera thalakitala ikulira kumunsi. Ngati kabokosi konse kanali kolakwika, bawuti wa lero anayenera kukhala ataduka kalekale.

"Kuyambira dzulo masana sinaime," anadzilankhulira.

Anakwera pa mpando n'kutsitsa chitini cha mabawuti akuda. Chivundikiro chake chinali chopendekeka, ndipo pa fumbi panali zala za munthu.

"Muimbire foni mwamuna wako, msanga!"

"Waisiya kunyumba pa chaji. Kodi kwagwanji?"

A Makaniko anatsika pa mpando paja. Anatulutsa njinga yawo yakapalasa n'kuikwera ali ndi ovolosi yomweyo, zidutswa zija zili m'thumba. Msewu wopita kumunsi unali wa makwawa ndi mapazi a ng'ombe ouma, ndipo njingayo inkadumpha ngati mbuzi. Pa geti loyamba anatsika, kutsegula, kudutsa, kutseka, pakuti ng'ombe zinali pafupi ndipo geti la famu silisiyidwa pululu ngakhale munthu afulumire bwanji. Pa geti lachiwiri unyolo unakakamira, ndipo anaugwedeza mpaka chala chinachita magazi. Kumwamba mitambo inali itayamba kale kuda. Mawondo ankawawa, mpweya unkaperewera, koma thalakitala inkamvekabe ikulira mwamphamvu, ikulowera ku ngodya ya kumunsi. Ngodya imeneyo inalowa m'munda chaka chomwecho atasuntha mpanda, ndipo zitsa za simenti za mpanda wakale zinali zikadalipo, zobisika mu udzu.

Atatulukira pa mtunda anaiona. Anasiya njinga igwe, anavula chipewa n'kuyamba kuchikupiza, akuthamanga kudutsa m'mizere ya udzu wodulidwa.

"Ima! Zimitsa! Iwe, zimitsa!"

Sadikira anawaona. Za zitsa za simenti ankazidziwa, ndipo m'mawa wonse ankazilambalala bwinobwino. Koma ataona mlamu wake akuthamanga ndi kukupiza chipewa, anadziwa kuti chitini chija chaululika, ndipo anaganiza kuti akangomaliza mzere umenewo, ndi winanso umodzi, munda ukhala utatsala pang'ono kwambiri kotero kuti palibe amene angam'tsitse. Anadziyesa ngati sanaone, n'kuwonjezera liwiro. Kenaka anacheuka kuti aone pamene a Makaniko afika, ndipo pocheukapo chiwongolero chinam'tsata, makina n'kulunjika pa chitsa cha simenti.

Kunamveka kugunda kumodzi kokha, kwakukulu, ngati chitseko chachitsulo chagwa pa simenti. Makina anadumpha m'mwamba, thalakitala inanjenjemera yonse, injini inatsamwa n'kuzima. Chitsulo china chinauluka chikulira n'kukagwa pafupi ndi mpanda. Kenaka m'munda monse munangoti zii.

A Makaniko anafika akupuma mwawefuwefu.

"Wavulala?"

"Ayi, alamu."

"Chotsa kiyi, undipatse."

Giyabokosi inali itang'ambika kuyambira pamwamba mpaka pansi, oyilo wakuda akutsikira mu udzu, mano a magiya akuoneka panja, ena atathothoka. Shafiti inali itapotoka ngati chingwe chofinyidwa, ndipo chitsulo chimene chinauluka chija chinali theka la joyini yake. Bawuti wakuda yekha anali pamalo pake, wathunthu, wosapindika n'komwe.

A Makaniko anayang'ana bawutiyo. Kenaka anatulutsa zidutswa zija m'thumba n'kuzionetsa pa chikhatho.

"Ndimabwera kudzakuuza kuti si iwe. Ona mazingawa. Woyamba yekha ndiye anaduka ndi mwala. Asanu ndi mmodzi enawo akanaduka ngakhale ndikanayendetsa ine."

Sadikira anayang'ana zidutswazo, anayang'ana giyabokosi, n'kukhala pansi pa udzu wodulidwa.

"Ndiye mwachedwa ndi mphindi imodzi, alamu."

"Ndachedwa ndi masiku atatu."

Patali panamveka njinga yamoto ikulizidwa ku ofesi. Sadikira anadzuka mwadzidzidzi n'kugwira a Makaniko pa mkono.

"Alamu, a Kapitawo asanafike. Tim'chotse wakudayu, tiike zidutswazi m'bowomu. Tinena kuti anaduka mochedwa. Ndani adziwa? Chitirani mlongo wanu, ngati si ine."

"Siya mkono wanga."

"Alamu, ana atatu."

"Ndikuwadziwa, ndi adzukulu a mayi anga. Bawuti woduka saswa giyabokosi, ndipo mayi mwini famu si mwana. Koma ngakhale akanakhala mwana, sindikanawanamiza. Mbali yanga ndikanena ndekha. Yako ukanene iwe, ndipo ukanene bwino, osati mmene umandiyankhira ine."

Mlanduwo unakambidwa masana omwewo mu ofesi, chipinda chaching'ono cha tebulo limodzi ndi zenera loyang'ana kukhola. Mayi mwini famu anali munthu wosachulutsa mawu, amene anayendetsa famuyo yekha chimwalirireni amuna awo. Pa tebulo pawo a Makaniko anaika bawuti wachitsanzo, zidutswa za mazinga zija, ndi wakuda uja, amene anatheka kutuluka atam'menya ndi hamala yaikulu. Anthu atatuwo anaimirira, pakuti sanauzidwe kukhala.

A Makaniko anayamba osafunsidwa. Anafotokoza kuti kabokosi anakapereka osakatsegula, kuti Lachiwiri anayeza zonse kupatula bawuti weniweniyo, ndiponso kuti anauza mayi kuti makina ndi abwino asanaone chidutswa ngakhale chimodzi.

"A Kapitawo," anatero mayi, "pokagula munatenga chitsanzo?"

"Ndinawauza nambala, mayi, ndi kutalika komwe. Kwa ine bawuti ndi bawuti."

"Ndafunsa ngati munatenga chitsanzo."

"Sindinatenge, mayi."

Mayi anatembenukira kwa Sadikira.

"Mabawuti asanu ndi mmodzi aja si mlandu wako. Ndinakuopseza pa chinthu chimene sunalakwe, ndipo pamenepo ndinafulumira. Koma zidutswa ukanabweretsa Lolemba, bwenzi zonsezi zitatha Lolemba. Ndi zoona kapena ayi?"

"Ndi zoona, mayi."

"Wakudayu anakupatsa ndani?"

"Ndinatenga ndekha."

"Unkadziwa ntchito ya bawuti wofewa?"

"Ndinkadziwa, mayi. Alamu anandiphunzitsa tsiku loyamba."

"Nanga unamuikiranji?"

"Ndinaopa kubwerera kukhola."

Mayi anatola bawuti wakudayo n'kumutembenuzatembenuza m'manja.

"Chitsulo chinauluka chija chinagwa pati, a Makaniko?"

"Pafupi ndi mpanda, mayi. Pamene pamadutsa woweta ng'ombe."

"Nanga giyabokosi ina ipezeka liti?"

"Ngati ilipo m'tauni, sabata ziwiri. Ngati kulibe, mwezi ndi kupitirira."

Onse anayang'ana pa zenera. Mphepo inali itayamba kuulutsa fumbi pabwalo. A Makaniko anatsokomola pang'ono n'kupempha kuti alankhulenso. Ananena kuti mlamu wawo anayendetsa zaka ziwiri osaswa kanthu, kuti mantha amene anam'lakwitsa anachokera pa mawu awo olakwika, ndipo anapempha kuti asachotsedwe ntchito. Mayi anawamvetsera mpaka anamaliza, n'kuwauza kuti adikire panja onse atatu. Anaima pakhonde, Sadikira akuyenda uku ndi uku, mpaka anaitanidwanso.

Chilango chinali chotere. Sadikira sanachotsedwe ntchito, koma anatsitsidwa pa thalakitala kwa chaka chathunthu, ndipo kiyi inaperekedwa kwa dalaivala wa galimoto ya mkaka. Udzu wotsala ku ngodya ya kumunsi analamulidwa kuudula ndi chikwakwa kuyambira masana omwewo, kenaka kuzula zitsa zonse za simenti ndi piki, ndipo akamaliza abwerere kukhola kukakama ng'ombe m'mawa ndi madzulo. Chaka chikatha, mayi adzaona ngati angakwerenso. A Makaniko analandira kalata ya chenjezo, yoyamba pa zaka zawo zonse pa famuyo, ndipo anauzidwa kuti bokosi lililonse lolowa m'garaja azilitsegula okha tsiku lomwelo. A Kapitawo analetsedwa kugulanso chitsulo chilichonse cha makina popanda chitsanzo m'manja.